Kodi malume a Chikondi ndani?

Yankho limene linandipweteka kwambiri chaka chimene ndinayamba kuphunzira Prolog linali la liwu limodzi: false. Ndinali nditakhala mu labu ya makompyuta kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka litapendeka, nditalemba timizere tochepa tofotokoza ubale wa m'banja longopeka, ndipo ndinali nditatiwerenga kambirimbiri osaona polakwika. Funso limene ndinafunsa makinawo ndi loti mwana wa zaka zisanu kumudzi kwathu akanaliyankha asanameze mbamu ya nsima: kodi malume a Chikondi ndani? Makinawo anangoti false, n'kukhala duu kudikira funso lina.

Zinenero zina zolembera mapulogalamu zikapunthwa zimafuula. Zimakuuza kuti pamzere wakutiwakuti pali vuto, ndipo ngakhale uthengawo ukhale wovuta kumva, poyambira umapadziwa. Prolog kawirikawiri satero. Kwa iye kulephera si ngozi, ndi yankho labwinobwino ngati mayankho ena onse. Wafufuza, sanapeze, wakuuza, basi. Wophunzira amatsala ndi liwu limodzilo m'manja, osadziwa ngati cholakwika chili m'mutu mwake, m'zala zake, kapena m'funso lomwe wafunsalo.

Zimene ndinalemba tsiku limenelo ndimazikumbukirabe, chifukwa ndizo ndimayambira nazo ndikamaphunzitsa:

mayi(nabanda, tadala).
mayi(nabanda, mavuto).
mayi(tadala, chikondi).
mkazi(tadala).
mwamuna(mabvuto).
malume(M, Mwana) :- mayi(Mayi, Mwana), mayi(Gogo, Mayi), mayi(Gogo, M), mwamuna(M).

Mizere isanu yoyambayo ndi mfundo chabe: Nabanda anabereka Tadala ndi Mavuto, Tadala anabereka Chikondi. Womalizawo ndi lamulo: munthu ndi malume a mwana ngati iye ndi mayi a mwanayo anayamwa bere limodzi, ndipo iyeyo ndi mwamuna. Mawu oyamba ndi chilembo chachikulu ndi ma variable, malo osadzaza amene Prolog ayenera kuwapezera dzina. Mwina inu mwaliona kale vutolo. Ine sindinalione, ngakhale linali pamaso panga masana onse.

Bambo amene ankayang'anira labuyo atabwera kudzatseka mawindo anaima kumbuyo kwanga pang'ono, kenako anati, "Achimwene, musamangoiyang'anitsitsa pulogalamuyo, siyankhula. Lembani trace, mufunsenso funso lomwelo, muziona mmene ikuyendera." Ndinatero. Nthawi iliyonse ndikadina batani la Enter pankatuluka mzere umodzi, ndipo chapakati pake panatuluka iyi:

Call: (13) mayi(nabanda, _)
Exit: (13) mayi(nabanda, tadala)
Call: (13) mwamuna(tadala)
Fail: (13) mwamuna(tadala)
Redo: (13) mayi(nabanda, _)
Exit: (13) mayi(nabanda, mavuto)
Call: (13) mwamuna(mavuto)
Fail: (13) mwamuna(mavuto)

Mzere womalizawo unandiwongola msana. Mavuto walephera bwanji kukhala mwamuna? Nditabwerera ku mfundo zanga ndinachiona chilembo cha b. Ndinakulira pa mabuku akale a kunyumba amene ankalemba mabvuto ndi bvumbwe, ndipo chala changa chinatsata kalembedwe kakaleko pamzere umodzi, n'kutsata katsopano pamzere wina. Kwa ine anali munthu mmodzi. Kwa Prolog anali anthu awiri osadziwana.

Koma chimene chinandikhalira mumtima pobwerera kogona si chilembocho. Chinali mizere ya pamwamba pake. Makinawo, asanafike kwa Mavuto, anayamba ayesa ngati Tadala, mayi ake enieni a Chikondi, angakhale malume a mwana wawo. Ine polemba lamulo lija sindinaganizeko n'komwe kuti funso lotere lingafunsidwe. Ndinalemba chimene chili choona, ndipo ndinkayesa kuti makinawo amangochiona choonacho ngati mmene munthu amaonera phiri. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti amachita kuyenda, phazi ndi phazi, ndipo amalowa ngakhale m'tinjira timene munthu wanzeru zake sangalowemo.

Kusiyana kumeneku kunalipo kuyambira pachiyambi. Prolog anabadwira ku Marseille m'dziko la France mu 1972. Alain Colmerauer ndi Philippe Roussel ankafuna kuti kompyuta izimva ziganizo za Chifalansa ndi kuyankha mafunso, ndipo ankagwirizana ndi Robert Kowalski wa ku Edinburgh, amene anaonetsa kuti chiganizo chimodzimodzi cha logic chingawerengedwe pawiri: ngati chonena zoona, komanso ngati malangizo a ntchito. Mu 1979 Kowalski analemba nkhani yotchuka yonena kuti algorithm ili ndi mbali ziwiri, logic ndi control, ndiko kuti chimene chili choona ndi kayendedwe kokafikira pa choonacho. Wophunzira watsopano timamukopa ndi mbali yoyamba. Timamuuza kuti angonena zoona, zotsalazo makina achita. Mbali yachiwiri imakhala yobisika: kuti Prolog amawerenga malamulo kuchokera pamwamba kutsikira pansi, amayesa zigawo za lamulo kuchokera kumanzere kupita kumanja, akafika pamphambano amatenga njira yoyamba n'kusiya chizindikiro, ndipo akagunda khoma amabwerera pamphambano yomwe waidutsa posachedwa. Palibe cholembedwa papepala la wophunzira chimene chimanena zimenezi, koma zolakwa zake zambiri zimamera pomwepo.

Mawu anayi aja amene ndinawaona pa sikirini ali ndi mwini wake. Ku Edinburgh komweko, kumene David H. D. Warren anakonza Prolog wa pa makina a DEC-10 mu 1977, Lawrence Byrd analemba mu 1980 njira yoonera kayendedwe ka pulogalamu. Anati funso lililonse tizilitenga ngati bokosi la makomo anayi. Call ndi khomo lolowera koyamba. Exit ndi lotulukira utapeza chomwe unatumidwa. Redo ndi lobwererapo ukauzidwa kuti chomwe unabweretsacho sichinathandize, kafune china. Fail ndi lotulukira chimanjamanja. Buku la William Clocksin ndi Christopher Mellish la mu 1981, limene linaphunzitsa Prolog kwa anthu ambiri, linafalitsa chithunzi chimenechi, ndipo SWI-Prolog, amene Jan Wielemaker anamuyamba ku Amsterdam mu 1987 ndipo aliyense angamutenge kwaulere, akusindikizabe mawu omwewo lero. Zaka zoposa 40 zadutsa, bokosi lija silinathe ntchito.

Pa makomo anayiwo, limene limavuta ophunzira ndi Redo. Amene anayamba ndi Python kapena Java anazolowera kuti ntchito ikabweza yankho ndiye kuti yatha, yatsanzika. Mu Prolog amene watsanzika akhoza kuitanidwanso, ndipo akabwera sayambira pachiyambi. Ndimawauza za mwana amene wam'tuma kudimba kukathyola chimanga chachiwisi. Wabwera nacho, wachisenda, waona kuti n'chosakhwima. Mwanayo akabwerera sakayambiranso pa phesi loyamba lija, amapitirira pamene anasiyira, mpaka mzere wonse utatha ndi pamene amabwera n'kunena kuti kulibe. Ndikafotokoza chonchi ambiri amagwedeza mutu kuvomera, koma ndaphunzira kusakhulupirira kugwedeza mutu. Kumva kwenikweni kumaoneka munthu akakhala pa kiyibodi.

Mtsikana wina m'kalasi langa anafuna kulemba lamulo la mayi aang'ono. Choyamba anapunthwa pa dzina lenilenilo, chifukwa kachizindikiro ka mu ng' kamene ife timakalemba osaganiza n'komwe, Prolog amakatenga ngati chiyambi cha mawu ogwidwa, ndipo anakana kuwerenga mzerewo. Atasintha dzina, anawonjezera Zione ngati mwana wachitatu wa Nabanda, anatenga lamulo la malume, n'kuchotsa mwamuna kuikapo mkazi. Atafunsa, yankho loyamba linali Tadala. Mayi a Chikondi anasanduka mchemwali wa iwo eni. Kanjira kaja kamene pa lamulo la malume kankatsekedwa mwamwayi ndi mawu oti mwamuna, apa kanali pululu. Iye anaona msanga chosowa, nalemba kuti M asakhale yemweyo ndi Mayi, M \= Mayi, ndipo anaika mawuwo kumayambiriro kwa lamulo poti ankaona kuti ndiyo mfundo yofunika kwambiri. Tsopano funso lililonse linkabweza false.

"Aphunzitsi, ndangowonjezera chinthu choona," anatero. "Choona chingawononge bwanji?"

Funso limeneli ndimalilemekeza kwambiri, chifukwa pa logic iye ankanena zoona. Kunena kuti ichi ndi icho n'chimodzimodzi ndi kunena kuti icho ndi ichi. Koma trace inaonetsa mizere iwiri yokha: Call, pali malo awiri osadzaza, kenako Fail. Panthawi imene Prolog ankafika pa mawuwo, M ndi Mayi anali asanalandire dzina lililonse, ndipo chizindikiro chija chimangofunsa ngati zinthu ziwirizo n'zosatheka kuzifananiza. Malo awiri opanda kanthu angafananizidwe nthawi iliyonse, choncho funso linafera pakhomo. Atasamutsira mawuwo kumapeto, Zione anatulukira. Pambuyo pake ndinamuonetsa dif, amene anali kale mu Prolog II wa Colmerauer, ndipo amadziwa kudikira mpaka mayina atapezeka. Komabe ndikanamupatsa dif poyamba pomwe, sakanaona ndi maso ake kuti nthawi imene chinthu chafunsidwa imasintha yankho.

Zaka zoyambirira za uphunzitsi ndinkaganiza kuti kuonetsa ophunzira trace n'kokwanira, poti ine inanditsegula maso tsiku limodzi. Kenako ndinayamba kuyenda kumbuyo kwawo ndikuona chimene amachita. Amalemba trace, n'kuika chala pa Enter, n'kumadina mothamanga ngati akuyang'ana mauthenga pa foni. Mizere imatsika ngati mvula, creep, creep, creep, mpaka false uja atafikanso, iwo n'kutembenuka kunena kuti trace sinaonetse kanthu. Inaonetsa zonse. Vuto n'loti munthu amene sakuyembekezera chilichonse sangadabwe, ndipo cholakwika chimadziwika ndi kudabwa. Ine tsiku lija ndinaona b chifukwa ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti Mavuto ndi mwamuna, ndipo makina atatsutsa, mtima unagunda.

Ndiye ndinaika lamulo limene ena amalida sabata zoyamba. Amakhala awiriawiri. Mmodzi agwira kiyibodi, winayo asanadinidwe Enter anene mokweza mzere umene ukubwera: khomo liti, funso liti, ndi mayina ati. Akalondola, apitirize. Akaphonya, aime, asadinenso mpaka atafotokozerana chifukwa chake. Pulogalamu ya mizere isanu ndi umodzi imatha theka la ola. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sindikudziwa ntchito ina ya pa kompyuta imene mwambiwu umaikhala bwino chotere. Pamene wophunzira waphonya ndi pamene pali phunziro la tsikulo, chifukwa pamenepo m'pamene Prolog wa m'mutu mwake wasiyana ndi Prolog wa m'makina. Nthawi zambiri pulogalamu imakhala ilibe vuto lililonse pamalopo. Chimene chikukonzedwa ndi chithunzi cha m'mutu.

Kudekha nako kuli ndi polekezera, ndipo trace ikhoza kumiza munthu. Chaka chilichonse wina amalemba lamulo la makolo motere:

kholo(A, B) :- mayi(A, B).
kholo(A, B) :- kholo(A, C), mayi(C, B).

Palibe bodza m'mizere iwiriyi. Mayi ako ndi kholo lako, ndipo kholo la mayi ako ndi kholo lakonso. Ukafunsa makolo a Chikondi, Prolog amatchula Tadala, ukapempha wina amatchula Nabanda, wophunzira n'kumwetulira. Ukapemphanso wina, makina amakhala chete, fani ya laputopu n'kuyamba kulira, mpaka patapita kanthawi pamatuluka uthenga woti malo osungira atha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ukatsegula trace apa umapeza mizere zikwizikwi, Call, Exit, Fail, Redo zosakanikirana, ndipo chizindikiro chokha cha matendawo ndi kanambala ka m'mbali kamene kamangokwera osatsika. Lamulo lachiwiri limadziitana lokha lisanafunse mfundo iliyonse, choncho nthawi zonse pamakhala khomo lina loti ligogodwe.

Zida zochepetsera mizere zilipo. Ukadina s, kutanthauza skip, trace imadumpha zam'kati mwa bokosi n'kukuonetsa potulukira pokha. Ukaika spy pa lamulo limodzi n'kudina l, kutanthauza leap, imathamanga mpaka itafika pa lamulolo. Ukadina r imakubwezera pakhomo lolowera kuti uonenso bwino chimene chakudutsa. Zonsezi n'zabwino kwa munthu amene akudziwa kale mbali imene akuikayikira. Wophunzira watsopano sakayikira mbali iliyonse, kapena amakayikira zonse.

Pa vuto la pulogalamu yosatha, njira imene ndinaikonda kwambiri ndinaiphunzira ku ntchito ya Ulrich Neumerkel wa ku Vienna, amene waphunzitsa Prolog kwa zaka zambiri. M'malo motsata mapazi, umathira false dala m'malo osiyanasiyana a pulogalamu, ngati mlimi amene akutseka ngalande imodzi imodzi kuti aone kumene madzi akuthawira. Ukatseka mbali ina koma pulogalamu n'kumazungulirabe, ndiye kuti mbali yotsekedwayo ilibe mlandu. Pa lamulo la makolo ukhoza kutseka mzere woyamba wonse, n'kutsekanso mayi wa kumapeto kwa mzere wachiwiri, ndipo kamene kamatsala ndi kholo akuitana kholo, basi. Kachidutswa kameneko wophunzira amakaona ndi diso limodzi, ndipo amadziwa kuti akapanda kusintha kanthu m'menemo, china chilichonse chimene angakonze sichithandiza. Liwu lomwe lija linandipweteka, apa limagwira ntchito ngati mpeni.

Masiku ano palinso mankhwala achidule. Njira ya tabling, imene inakulira mu Prolog wina wotchedwa XSB pansi pa David S. Warren wa ku Stony Brook, Warren winanso osati wa ku Edinburgh uja, imachititsa Prolog kukumbukira mafunso amene wafunsa kale kuti asazungulire. Mu SWI-Prolog umangolemba mzere umodzi pamwamba, ndipo lamulo la makolo lija limayenda bwino lomwe osasintha kanthu. Ndimawaonetsa, koma mochedwerapo. Ndimafuna ayambe aona kanambala kaja kakukwera, kuti tsiku lina akadzakumana ndi pulogalamu yongokhala chete adzadziwe chimene chikuchitika m'kati mwa chetecheteyo.

Bokosi la Byrd lili ndi zina zimene silinena bwino. Silionetsa msanga kuti pa malamulo angapo a dzina limodzi lasankhidwa ndi liti, ndipo chizindikiro cha cut, kamfuwuliro kamene kamadula njira zotsala, chikagwira ntchito wophunzira amangoona kuti Redo imene amaiyembekezera sinabwere. N'kovuta kuphunzira kuchokera pa chinthu chimene sichinaoneke. Ku Open University ku Britain, Marc Eisenstadt ndi Mike Brayshaw anakonza chida chotchedwa Transparent Prolog Machine, nachifotokoza m'nkhani ya mu 1988. M'malo mwa mizere yotsika, chinkajambula mtengo wa nthambi: funso lalikulu pamwamba, timafunso take m'munsi, nthambi zopambana, zolephera ndi zodulidwa chilichonse ndi maonekedwe ake. Munthu ankatha kuuona mtengo wonse chapatali kenako n'kuyandikira nthambi imodzi. SWI-Prolog nayenso ali ndi gtrace, imene imatsegula windo loonetsa mzere umene ukuyendetsedwa, mayina amene ma variable alandira, ndi mphambano zimene zikadali zotsegula.

Zithunzi zimenezi ndimazikonda, koma phunziro labwino kwambiri limene ndinaphunzitsapo pa nkhaniyi linachitika magetsi atazima. Makompyuta onse anali zii, ndipo kunali kutatsala ola lathunthu. Ndinaimika ophunzira anayi kutsogolo, aliyense n'kukhala chigawo chimodzi cha lamulo la malume, ndipo mfundo zisanu zija ndinazilemba pa bolodi ndi choko. Woyamba akapeza dzina ankalinong'oneza kwa wachiwiri, wachiwiri kwa wachitatu. Womaliza atalandira dzina la Tadala anayang'ana pa bolodi, anapukusa mutu, natembenuka kugwira phewa la mnzake wa kumbuyo. Mnzakeyo anafuna kuyambiranso pamwamba pa bolodi, kalasi lonse n'kukuwa kuti ayi, upitirize pamene unasiyira. Nditaika wachisanu pakati kuti akhale cut, amene ankati akadutsidwa amauza onse a kumbuyo kwake kuti akhale pansi, mnyamata wina anatembenuka kuti agwire phewa n'kupeza palibe woimirira. Anati, "Ooh, ndiye n'chifukwa chake." Chida chojambula chikanawaonetsa mtengo womwewo, mwinanso mokongola kuposa. Kusiyana kwake n'koti apa panalibe batani loti adine. Aliyense anayenera kudziwa yekha chochita chotsatira.

Pali njira inanso imene ndimaiganizira kwambiri ngakhale sindiigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Mu 1982 Ehud Shapiro anamaliza kafukufuku wake wa udokotala ku Yale, amene anasindikizidwa ngati buku chaka chotsatira, pa mutu wa kufufuza zolakwika m'mapulogalamu mwa dongosolo. Ganizo lake linatembenuza zinthu. M'malo moti munthu azitsata makina, makina azifunsa munthu. Pulogalamu ikapereka yankho lolakwika, chida chimatenga mtengo wa mmene yankholo linapezekera, n'kusankha nthambi ya chapakati, n'kufunsa: kodi ichi n'choona? Munthu ayankha inde kapena ayi, chida n'kusiya mbali imene ilibe mlandu, n'kufunsanso, mpaka chitatsala ndi lamulo limodzi limene zigawo zake zonse n'zoona koma mutu wake ndi wabodza. Munthuyo safunika kudziwa za Call kapena Redo. Amangofunika kudziwa zoona za nkhani imene pulogalamu ikukamba.

Kufunika kwa zimenezi ndinakuona pa nkhani ya asuweni. Mnyamata wina wanzeru, amene anakulira m'tauni ndipo sukulu yake yonse inali ya Chingerezi, anatenga lamulo la m'buku n'kulimasulira: anthu awiri ndi asuweni ngati kholo la wina ndi kholo la mnzake ali pachibale. Pulogalamu inayenda bwinobwino. Trace yake inali yoyera, Call iliyonse ndi Exit yake, ndipo iye analosera mzere uliwonse osaphonya. Pa sikirini panatuluka kuti Chikondi ndi mwana wa Zione ndi asuweni. Mtsikana wina amene ankakhala kumbuyo, wosalankhulalankhula, anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, amenewo si asuweni ayi. Amayi awo ndi munthu ndi mng'ono wake. Amenewo ndi abale enieni. Msuweni wa Chikondi ndi mwana wa a Mavuto."

Ananena zoona. Kwathu ana a akazi awiri a bere limodzi ndi abale, amaitanizana achimwene ndi achemwali, ndipo chimodzimodzinso ana a amuna awiri apachibale. Asuweni ndi ana a munthu ndi mlongo wake, aja amaserewulana momasuka, amene kale ankathanso kukwatirana. Chingerezi chimawaunjika onsewa m'liwu limodzi, ndipo lamulo la m'buku linabwera ndi mtolo umenewo osauonetsa. Palibe trace imene ikanagwira cholakwika chimenechi, chifukwa makina anachita ndendende zimene anauzidwa. Ngakhale chida cha Shapiro chikanafunsa mnyamatayo ngati yankholo n'loona, iye akanavomera ndi mtima wonse, chida n'kukhutira. Chinafunika ndi munthu amene anakhalapo pa mphasa pamaliro kapena pa chinkhoswe n'kumva mmene akuluakulu amatchulirana.

Kuyambira chaka chimenecho ntchito yomaliza ya gawoli ndinaisintha. Aliyense alembe banja lake lenileni kufikira mibadwo inayi, alembe malamulo a malume, azakhali, asuweni ndi mbumba, kenako mayankho a pulogalamu akawatsimikize kwa munthu wamkulu wa kwawo. Mayina enieniwo amakhala pa makina awo, ine sindiwasunga. Amabwera ndi zolakwika za mitundu iwiri, zina zimene trace inawapezera, zina zimene agogo anawapezera, ndipo ndimawapempha kuti azisiyanitse polemba lipoti.

Mtsikana uja wa kumbuyo anabwera ku ofesi kwanga sabata yotsatira ndi laputopu yake. Anati pulogalamu yake inanena kuti mayi ake alibe malume. Anaitsata ndi trace mpaka pamapeto, sanapeze polakwika: agogo ake aakazi analembedwa ndi azichemwali awo awiri, mwamuna panalibe, choncho Fail inali m'malo mwake. Iyenso ankadziwa choncho kuyambira ali mwana. Komabe poti ntchito inati akatsimikize, anaimba foni kumudzi n'kuwawerengera agogowo mayankho limodzi limodzi. Atafika pamenepa agogo anakhala chete kanthawi, kenako anatchula dzina limene iye anali asanalimvepo. Anali mlongo wawo wamkulu, amene anapita kukagwira ntchito m'migodi ya ku Johannesburg iwo akadali mtsikana, analemba makalata zaka zingapo, kenako zii.

Prolog akati false amatanthauza kuti pa zimene wauzidwa sanapeze umboni, ndipo chimene sichinalembedwe amachitenga ngati kulibe. Ndinali nditaphunzitsa zimenezi m'kalasi ndi chitsanzo cha m'buku, koma sindinaziphunzitsepo mmene anazimvera iye pa foni ija. Anawonjezera mizere iwiri, wa mayi ndi wa mwamuna, ndipo malume a mayi ake anatulukira pa sikirini.

Chimene anadzera kwa ine chinali china. M'pulogalamu yake aliyense anali ndi mfundo yonena kuti ali moyo kapena anamwalira. Anati anawafunsa agogo kuti alembe chiyani, iwo n'kuyankha kuti, "Mdzukulu wanga, usalembe kuti anamwalira. Maliro ake sitinaike." Ndiye sanalembe chilichonse. Anandionetsa: atafunsa ngati ali moyo, false. Atafunsa ngati anamwalira, false.

"Aphunzitsi, ndingatani kuti inene kuti sitikudziwa?"

Ndinakoka mpando wina kuti akhale. Ndinamufunsa kuti kumudzi kwawo munthu wotere amamutcha chiyani. Anaganiza pang'ono, nakokera laputopu kwa iye, n'kuyamba mzere watsopano ndi liwu loti mtchona.